Kiyi wa Geti Lobiriwira

Ine, mayi wa geti lobiriwira, monga amanditchulira otola zinyalala, wa zaka 34, wokhala nyumba yachinayi kuchokera pa thanki ya madzi, kumalo atsopano kumene msewu wa tala umathera, ndikupereka umboniwu mutu uli bwinobwino. Pa ntchito, lembani kuti ndili ndi digiri ya zachuma, ndipo pakali pano ndimalondera mpanda kuchokera mkati.

Takhala m'nyumbamo pafupifupi zaka zitatu, ine, amuna anga ndi mwana wathu wamkazi. Kudera kwathu anthu amangogonako. Maofesi, sukulu, msika ndi chipatala zili kutawuni, ulendo wa ola limodzi ndi theka msewu ukadzuka bwino. Ikamakwana 6 koloko m'mawa, mumsewu wathu mumatsala agalu, nkhunda ndi ine. Nyumba iliyonse ili ndi mpanda wotalika kuposa munthu, pamwamba pake waya waminga. Maneba sindiwadziwa nkhope, ndimawadziwira ku makutu. Akumanzere ndimawatcha a Hutala, chifukwa kugogoda sakudziwa. Akumanja ndi a Dizilo, chifukwa galimoto yawo imatsokomola katatu isanalire. A Dizilo ndi amene adandaula pa mlanduwu, ndipo akuti ine ndinathandiza akuba.

Geti lathu lili ndi loko mmodzi. Lokoyo anabwera ndi makiyi atatu. Woyamba anasowa posamuka. Wachiwiri amuna anga anapatsa amayi awo, amene amakhala ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, kuti asamadikire panja akabwera kudzationa. Wachitatu amakhala pamodzi ndi kiyi wa galimoto. Kageti ka anthu oyenda pansi tinakawotcherera chaka choyamba, titamva kuti kumsewu wina kwabedwa njinga. Amuna anga akamatuluka m'mawa amakhoma geti kunja. Nkhani yodulitsa kiyi wina ndaiyambitsa kangapo, ndipo yankho lake ndimalikumbukira bwino chifukwa silisintha: "Loweruka, amake mwana. Komanso mukufuna mupite kuti? Kunjaku kulibe chilichonse." Loweruka amagona.

Lachiwiri lapitali amuna anga ndi mwana ananyamuka kusanache, mwana atanyamula chakudya chake cham'mawa m'kabokosi kuti akadyere pa mzere wa magalimoto. Ndinamva loko akukhomedwa. Patapita kanthawi ndinamva galimoto ya a Dizilo ikutsokomola n'kuchoka.

Cha m'ma 10 koloko ndinali kuseri kwa nyumba ndikuyanika zovala. Ndinamva lole ikuima pa geti la a Dizilo, kenako chitsulo chikuti gwe, kenako geti likukwekwereza. Masana kwathu sikumveka chilichonse, choncho ndinatenga mpando wa kukhitchini, ndinauika pampanda, ndinakwera. Mutu wanga unafika pakati pa njerwa ndi waya.

Ndinaona amuna atatu. Awiri anali atanyamula sofa. Wachitatu, wa chipewa choyera ndi malaya ositidwa bwino, anali ataima chapakati akulozaloza. Atandiona sanathawe. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Aneba! Mwadzuka bwanji?"

Lembani kuti mawu akuti aneba ndinali ndisanaitanidwepo nawo kudera kwathuko.

Ndinayankha moni, n'kufunsa ngati iwowo ndi bambo a nyumbayo. Anati, "Ndine amene, mayi. Zaka zonsezi khoma limodzi osaonana, manyazi ake! Tikusamuka lero."

Ndinafunsa chifukwa chake. Anati, "Msewu uwu wandikalambitsa. Kuchoka kuli mdima, kubwera kuli mdima. Nyumba ndimalipira ine, koma amene amaiona masana ndi abuluzi. Tapeza kanyumba pafupi ndi ntchito."

Wapolisi wandifunsa chifukwa chake ndinawakhulupirira. Yankho langa ndi lakuti mawu amenewo amuna anga amawanena madzulo aliwonse akamavula nsapato, mpaka za abuluzizo. Munthu wodandaula choncho sindikanamupempha chitupa.

Ndinaona chisizasi chachikulu chodulira zitsulo chili pansi, pafupi ndi loko wodulidwa. Ndinafunsa. Anati makiyi apita ndi akazi awo kuntchito. Pa nkhani ya kiyi kupita kutawuni mwini nyumba n'kutsala, sindinaone chachilendo.

Kenako anandipempha sipanala kuti amasule bedi. Ndinatsika, ndinakatenga sipanala m'bokosi la amuna anga, ndinawapatsa kudzera pansi pa waya. Zida zonse za amuna anga zili ndi kadontho ka penti yobiriwira yotsala pa geti, kuti zisabedwe. Dzuwa litatentha ndinawapatsanso mabotolo awiri a madzi ozizira. Nditaona anyamata aja akugoneka furiji m'lole, ndinawauza kuti furiji imayenda chiimire, apo ayi imawonongeka. Anaiimika. Ngati katunduyo apezeka, a Dizilo adzaona okha kuti furiji ili bwino.

Tinacheza pafupifupi ola lathunthu, ine pampando, iwo pansi. Tinakamba za mafuta a galimoto, za madzi amene amabwera usiku wokha, ndi za galu wa a Hutala. Anandifunsa zomwe ndinaphunzira. Nditawauza anati, "Ndiye digiri yonseyo mukuyanikira zovala?" Ndinati zovala zake zimauma mwadongosolo. Anaseka mpaka anagwira bondo.

Atamaliza kupakira ndinafunsa mwanthabwala ngati m'lolemo mwatsala malo a munthu mmodzi. Anati, "Alipo, pa sofa. Tsegulani geti tikusiyeni kutawuni."

Ndinati, "Kiyi ali kutawuniko."

Anasiya kuseka. Anayang'ana ine, anayang'ana chisizasi chija, n'kunena kuti, "Mayi, loko ameneyo ine ndi kamodzi kokha. Ndidule?"

Ndinayang'ana geti lathu kanthawi. Kutalika kwa kanthawiko sindinayeze. Kenako ndinati ayi, bambo akabwera afunsa.

Anati, "Chabwino aneba, mutsale bwino." Anavala chipewa. Lole inanyamuka cha m'ma 12 koloko, kulowera kumsewu waukulu, poti kwina kolowera kulibe. Nambala yake sindinaione. Pampando paja munthu amaona denga la lole, ndipo kutuluka kuti ndikaone kumbuyo kwake sikukanatheka. Lole inali yabuluu. Bamboyo ndi wamtali pang'ono, wa zaka za m'ma 40, ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo ndi chipsera pansi pa khutu lakumanzere. Nditha kumuloza pagulu. Mwezi uno, kufikira tsiku limenelo, ndinali nditalankhula maso ndi maso ndi anthu atatu, ndipo awiri mwa iwo ndimakhala nawo nyumba imodzi.

Sindinaimbire foni munthu aliyense chifukwa kusamuka si mlandu. Nambala ya a Dizilo ndilibe. Mumsewu wathu muli gulu la pafoni lochenjezana za akuba, koma amalowamo munthu mmodzi pa nyumba, ndipo wa kwathu anali pa msonkhano kutawuni.

Dzuwa litangolowa ndinali kukhitchini. Ndinamva galimoto ikubwera, ikuima kumanja, ikutsokomola. Ndinazimitsa mbaula. Kenako ndinamva kukuwa. Posakhalitsa munthu anayamba kumenya geti lathu ndi chitsulo. Ndinasuzumira pa kabowo ka loko. Anali mayi wovala yunifolomu ya unamwino, m'manja muli sipanala wa kadontho kobiriwira.

Anati, "Ichi ndachipeza kuchipinda kwanga. Penti iyi ndi ya geti ili. Tsegulani!"

Ndinati sindingatsegule. Ndinafunsa ngati iwowo ndi akazi a bambo a chipewa choyera.

Anati, "Bambo ake ati? Ine ndimakhala ndekha!"

Umu ndi mmene ndinadziwira kuti a Dizilo ndi mayi. Ananditchula mayina angapo kudzera pa kabowoko, ndipo lina linali lakuti wakuba wobisala kuseri kwa geti. Sanakhulupirire kuti ndilibe kiyi. Anati ngakhale galu wa a Hutala amatulutsidwa Lamlungu. Mfundo imeneyo sindinaitsutse.

Lero m'mawa amuna anga apempha tchuthi cha theka la tsiku n'kundibweretsa kuno. Panjira ndaona kuti kumsewu waukulu amangako sitolo ziwiri ndi malo omwetsera mafuta. Akuti zinatsegulidwa chaka chatha. Tili pa mzere wa magalimoto amuna anga anati, "Za kiyi musatchule. Anthu satha kumvetsa, angaganize zina."

Ndatchula, chifukwa wapolisi wandifunsa kawiri chifukwa chake sindinatuluke kukaona nambala ya lole, ndipo wandichenjeza kuti kubisa chilichonse ndi mlandu. Ine malamulo ndimawalemekeza kwambiri, makamaka lero.

Wapolisi waitana amuna anga kuchokera pa benchi panja n'kuwafunsa makiyi a geti alipo angati. Ati mmodzi, ndipo anali ndi maganizo odulitsa wina Loweruka. A Dizilo anali atakhala pakona ya ofesi ino. Andiyang'ana kwa nthawi, n'kufunsa kuti, "Zaka zitatu, achemwali?" Ndati zitatu mwezi wamawa. Sananenenso za wakuba wobisala. Atenga cholembera cha wapolisi n'kundilembera nambala yawo ya foni padzanja.

Wapolisi wanena kuti kiyiyo ndi amene akusonyeza kuti sindinatuluke pampanda, choncho atsale kuno ngati umboni pamodzi ndi sipanala. Amuna anga amuchotsa pa kiyi wa galimoto. Zawatengera nthawi, zikhadabo zawo ndi zazifupi. Afunsa kuti geti alikhoma bwanji. Wapolisi wati akadule loko wakaleyo, agule wina. Ine ndakumbutsa onse amene ali muno kuti loko watsopano amabwera ndi makiyi atatu, ndipo ndapempha kuti mawu amenewa alembedwe.

Ngati khoti lidzafuna mboni, ndilipo tsiku lililonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ngakhale mlandu utaimitsidwa kakhumi. Mukadzabwera kudzanditenga n'kupeza geti lokhoma kunja, musabwerere. Mudzagogode, ndili momwemo.

Zomwe ndikudziwa n'zomwezi. Andiwerengera, ndavomereza, nditakonza zilembo ziwiri.

Wasaina: Mayi wa geti lobiriwira ____________________

Wolemba umboni: Wapolisi wofufuza ____________________