Sikelo si ya Ana Okha

Olemekezeka a Khansala athu bambo Mackson Longwe, abusa a mpingo, a dokotala oyang'anira chipatala chino mayi Jacqueline Mphande, anamwino anzanga, ndi inu nonse amene mwasiya chinangwa m'madzi kuti mudzakhale nafe, ndakulonjerani.

Mundikhululukire, ndiyankhula nditatsamira tebulo. Zaka makumi atatu za unamwino zandidya mawondo, ndipo mawu amene ndinene lero ndawanenapo mpaka kukhosi kuuma.

Tabwera kudzatsegula kachipinda koyezera kulemera kwa akuluakulu ndi kuonera odwala mutu waching'alang'ala. Mayi Mphande anandiwerengera zimene akatswiri a ku Korea akhala akufufuza pakati pa anthu awo, zoti kodi kunenepa kwambiri, ngakhalenso kuonda kwambiri, kumayendera limodzi ndi mutu umenewu. Ine ku Korea sindinapondeko, ku Mzuzu komweku ndimapita mwa apo ndi apo, koma funso lawolo ndimagona nalo m'nyumba.

Mng'ono wanga Stella ankaphika pa loji ina yogona alendo ku Kande. Atanenepa, tonse tinamuyamikira kuti ntchito yamuyanja. Kenako mutu unayamba: kuwala kumulasa m'maso, kusanza, masiku awiri chigonere atamanga mpango pachipumi. Anatemera mphini, osaphula kanthu. Ndinamuuza kuti pamodzi ndi mankhwala tiyese kuchepetsako thupi, mwina zingapepuke. Anayesadi. Mwezi usanathe, azimayi pamsika wa Chintheche anayamba kunong'onezana kuti kuonda kumeneko ndi kachilombo basi.

Anabwera kwa ine akulira. "Asisi, bola mutu undiphe kusiyana ndi pakamwa pa anthu."

Zochepetsa thupizo anasiyira pomwepo, ndipo ntchito inamuthera chifukwa chojomba ndi mutu uja. Ndikuona ena kumbuyoko mwazyolika. Musaope, maina sinditchula, mphamvu zake ndilibe.

Sindikulonjeza kuti sikelo ichiza mutu, ayi, malonjezo ndinatopa nawo. Ndikungopempha kuti wamkulu akakwerapo musamuseke kuti wasanduka khanda, ndipo mnzanu akatsika thupi, pakamwa panu musunge.

Stella anafunitsitsa kukhala nafe, zovala anasitiratu dzulo. Mutu wamugwira m'mawa uno, ndamusiya atatseka mawindo onse.

Choncho ndikulengeza kuti chipinda chino chatsegulidwa. A Mphande, pamzere wa mawa dzina loyamba mulembe la Stella. Ndidutsa naye ndekha pakati pa msika, onena anene.

Zikomo kwambiri, yewu.