Makina a Monde Pakati pa Lepu

Chaka chimene akhonsolo anagulitsa nyumba kwa okhalamo, Mwiinga wa ku Maramba anadzuka ali mwininyumba, n'kuganiza zogwetsa yekha mtengo wa mango umene unapendekera padenga. Munthu woti nkhwangwa ankangoiona pamsika! Pansi pa dengalo panali makina osokera a mkazi wake Monde, amene ankadyetsa banja chitsekere fakitale imene Mwiinga ankagwirako ntchito.

Atatema kawiri, anaona mlamu wake Sinyinda akutuluka m'nyumba atasenza makinawo.

"Ba mulamu, mtengo uzagwela kuti?" anafunsa Sinyinda.

"Kudimba uko. Suona mbali yamene natema?"

Sinyinda anapita kudimba n'kutula makina pakati pa ndiwo za lepu.

"Iwe, wapenga? Nakamba kuti ni pamene uzagwela!"

"Namvela. Ba sisi anati niike mashini pamene mtengo siuzagwela."

"Manje?"

"Anati nimufunseni. Pamene muzaloza, ni pamene pali bwino."

Mwiinga anapsa mtima. Mkazi wake yemwe!

"Oho! Monde lelo ni injiniya wa mitengo?"

"Iyai, ni telala. Anangokumbuka paja munakonza pompi, madzi anatulukila kwa ba neba."

"Ija inali pompi!"

"Na wailesi ija munakonza inayamba kufuka utsi."

"Chotsa mashini!"

"Mwasintha? Uzagwela pa nyumba?"

"Kudimba!"

"Ndiye ili pabwino," anatero Sinyinda, akupinda manja.

Kutula nkhwangwa n'kukachotsa yekha makinawo kunali kotheka. Koma Mwiinga agonje pamaso pa mlamu? Ha! Analavulira m'manja.

"Ukamva mtengo walila, uzainyamula wekha mothamanga."

"Ba sisi anati ukalila nithawe, nisayang'ane kumbuyo."

Mwiinga anatema, natema, thukuta kamukamu. Mtengo unalira, Sinyinda liwiro. Kenako chimango chija chinagwedezeka, chinapotoloka kusiya denga, n'kukagwa khuu pakati penipeni pa dimba.

"Nakuuza! Nakuuza!" Mwiinga anavina, nkhwangwa m'mwamba, mpaka kagudumu ka makina kanagubuduka kudzaima pamapazi ake. Anayang'ana kudimba: makina a Monde anali ataphwanyika pansi pa mtengo.

Sinyinda anabwerera, n'kuvula chipewa mwaulemu.

"Pepani ba mulamu, tinamunyozani chabe. Kutema mumaziwa. Lekani nikaitane ba sisi ku maketi, abwele aone kuti mwawina."

Mwiinga anamugwira malaya n'kumunong'oneza.

"Ukamuuze kuti naphonya, monga masiku onse."