Malovu M'magalasi

Pamzere wa pashopu yotsuka zithunzi, mayi wina ankangomwetulira yekha akuyang'ana foni, mpaka mayi wa kumbuyo kwake anasuzumira.

"Pepanitu, ameneyo ndinu m'madzimo?"

"Ineyo ndithu! Ana anatikonzera ulendo wa paboti wokaona zilumba. Woyendetsa anatipatsa magalasi oonera pansi pa madzi ndi kapaipi kopumira, n'kuti, 'Lavuliranimo malovu kuti asachite nkhungu.' Bambo akunyumba amvekere, 'Ine wamkuluwamkulu, kulavula pagulu?'"

"Nanga inu?"

"Ndinangoti thu! Kawiri konse. Ndinaona nsomba zachikasu, zamizeremizere, ndipo kamba wam'madzi anandidutsa pamphuno penipeni."

"Bambowo anaona chiyani?"

"Nkhungu yokhayokha! Zaka zonsezi alendo akabwera, ofotokoza nkhani amakhala iwo, ine ndikuthira tiyi. Koma dzulo kutabwera alendo amvekere, 'Mayi, tawauzani za kamba uja.' Tiyi anathira iwowo!"