Kapu ya Tadala

Abusa, akulu ampingo, abale ndi alongo, ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale mtima sunakhale pansi.

Ambiri mukumudziwa mwana wanga Tadala, wa sitandade 2. Mukudziwanso kuti ali ndi matenda akugwa. Anamuyamba chaka chomwe bambo ake anapita ku Joni, ndipo mpaka lero mawu awo sindinawamve. Mankhwala ndimamupatsa osadumphitsa, koma amagwabe. Amagwabe, abale.

Pakhoma la sukulu yake analembapo ndi penti kuti mwana aliyense ndi wathu. Ine ndinalekeza sitandade 6, koma mawu amenewo ndimatha kuwawerenga, ndipo ndinawakhulupirira.

Tsiku lina anagwa pamzere wolandira phala, thovu kukamwa. Anzake anabalalika. Makolo anayamba kuuza ana awo kuti malovu ake amapatsira matenda. Paja phala la kusukulu timaphika ndife amayi, mosinthana. Tsiku langa litakwana ndinaona ndi maso angawa: kapu yake aimangirira kansanza kofiira, aikoleka pamtengo payokha. Wogawa amathira phala chipande chili m'mwamba, kuopa kuikhudza. Ena mwa amayiwo muli muno. Sinditchula munthu, poti nanenso ndinakula ndikuuzidwa zomwezo.

Titafika kunyumba Tadala anandiuza kuti, "Amayi, ndizipita nanu kokumba kachewere. Kusukulu akumanditcha Namalovu."

Ndinamukakamiza masiku awiri, lachitatu ndinalephera. Masabata atatu mwana ali kumunda, akutola kachewere m'mbuyo mwanga, belu likalira amawerama ngati sakumva. Yunifolomu ndinaipinda n'kuibisa. Abusa mundikhululukire, kupemphera ndinasiya. Ndinkati ndipemphenso chiyani chomwe sindinapemphe?

Kenako aphunzitsi ake, mayi wachikulire, anatitsatira kumunda konko.

"Make Tadala, mawa mubwere naye."

"Akakhale ndi yani, aphunzitsi?"

"Inu mungobwera."

Tinapita. Nthawi ya phala aphunzitsiwo anakolola kapu ija pamtengo, anamasula kansanza, anaima pamzere ngati mwana. Atawathirira phala anamupatsa Tadala kuti amwe, kenako iwo anamwera pomwepo, pomwe panali milomo yake. Anamaliza lonse, n'kufunsa ophika kuti, "Amayi, mcherewu mukusungira ndani?" Palibe anaseka. Ndiye anati, "Muzindiyang'anira. Tsiku lomwe ndidzagwe mudzamuthamangitse."

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Sizinathe. Lachitatu lapitali wagwanso m'kalasi, wang'ambika chibwano. Ana ambiri akumuthawabe. Ine ndikamalima makutu amakhala kumsewu, kudikira wodzandiitana. Kuti adzafika sitandade 8 sindikudziwa. Kuti ndikadzafa adzamugwira ndani sindikudziwa.

Koma Lachitatu lomwelo kamtsikana kamodzi sikanathawe. Kanamugoneka chammbali monga aphunzitsi anawasonyezera, kanamupukuta kukamwa ndi diresi lake. Lachinayi Tadala anadzuka yekha, anasamba, anapita kusukulu chibwano chili ndi pulasitala.

Ndi zokhazo zomwe ndabwera nazo, abale. N'zochepa, koma ine ndinalibe n'zochepazo zomwe. Ndikuthokoza Mulungu yemwe anandimva nditasiya kumuyankhula. Ndikuthokoza chifukwa cha aphunzitsi aja.

Kondwerani nane, mawa Lolemba akupitanso. Ndipo tikamatuluka, amene mungathe mukamugwire chanza. Wakhala kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko. Amen.