Mayi Kawerenge, Amene Anabwezedwa ku Yunivesite

Malemu amene tikuwaperekeza lero, omwe ambiri mumawadziwa kuti Mayi Kawerenge, anabadwa m'chaka cha 1974, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo ochekera matabwa kumene bambo athu ankagwira ntchito. Anali oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndine mlongo wawo, womaliza kubadwa. Mundikhululukire mawu akamandithawa. Miyezi isanu takhala tikusinthana pa benchi ya kuchipatala.

Ku pulayimale ndi ku sekondale ankakhoza bwino kwambiri. Mphunzitsi akalemba pa bolodi, iwo ankakopera, kuloweza, n'kukazibweza pa mayeso momwemo. Mu 1993 anasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira sayansi. Tonse tinawaperekeza kokwerera basi, bambo atanyamula sutikesi paphewa.

Patatha chaka chimodzi anabwerera ndi sutikesi yomweyo. Analephera mayeso ndipo anachotsedwa. Ena m'banja anandipempha kuti ndime imeneyi ndiidumphe, koma eni ake anandiuziratu ali m'chipatala kuti, "Achimwene, mukadumpha pamenepo, mbiri yonseyo musawerenge n'komwe."

Sikuti kumeneko ankasewera ayi. Iwo ankafotokoza kuti mphunzitsi ankalowa, kuyankhula ola limodzi, kutchula mabuku asanu, n'kutuluka. Achemwali ankangodikira tsiku limene manotsi adzalembedwe pa bolodi, ndipo tsikulo silinafike. Panalibe woimba belu, panalibe wofunsa ngati awerenga. Ku laibulale ankafika pakhomo n'kubwerera, poopa kuoneka osadziwa. Atabwera kunyumba anatha miyezi isanu ndi umodzi osatuluka panja, kuopa maso a anthu oyandikana nawo.

Mu 1996 anayamba ntchito pa shopu yotaipa makalata ndi kuchita fotokope, ndipo anakhala pamenepo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ataimirira pambali pa makina otentha aja. Mu 1998 anakwatiwa ndi alamu athu amakanika, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Pa shopupo pankabwera ana ambiri a sukulu kudzakopetsa manotsi a anzawo. Malemu zimenezi zinkawapweteka mtima. Anayamba kuitana amene asankhidwa kupita ku yunivesite kuti Loweruka masana, akatseka shopu, azikumana kuseri pa mabenchi awiri. Ankapatsa aliyense mutu umodzi wa buku ndi pepala lopanda kanthu. Mwana akafunsa tanthauzo, yankho linali limodzi: "Kawerenge, ukabwera undiuze ndiwe." Dzina lija linachokera pamenepo. Ankawaphunzitsa kugawa okha maola a sabata, kulemba zimene sanamvetse, ndi kugogoda pa ofesi ya mphunzitsi popanda manyazi. Ena anathawa, amvekere mayiwa ndi ouma mtima. Ena anapirira, ndipo ndikuwaona pano atavala mataye. Ngakhale kunyumba zinali chimodzimodzi. Alamu anafunsapo kuti mankhwala a chifuwa amwe kangati, anauzidwa kuti zalembedwa pa botolo.

Kumpingo anali mlembi wa gulu la amayi kwa zaka khumi ndi ziwiri. Kwaya sanalowe, ankati Mulungu anawapatsa dzanja labwino, za mawu anapatsa ena.

Mu 2021, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, anafunsiranso malo ku yunivesite, maphunziro ochitira kunyumba, ndipo anawatenga. Ankawerenga nthawi ya nkhomaliro, buku lili pamwamba pa makina, makasitomala akugogoda pawindo. Chaka choyamba anakhoza. Chachiwiri anakhozanso, ngakhale miyendo inali itayamba kutupa. Ife tinkati n'chifukwa choimirira tsiku lonse. Madokotala anapeza kuti ndi impso.

Chaka chachitatu sanamalize. Poyamba mabuku ankakhala nawo pa bedi la kuchipatala, ndipo tinkasinthana kuwatsegulira masamba. Mwezi wathawu anandiuza kuti, "Ndatopa, achimwene. Mabukuwa tengani, mukawaike pouma." Ndinawanyamula m'jumbo, ndipo ndinadziwa kuti sindidzawabweretsanso. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, nthawi ili cha m'ma 9 koloko.

Mwana wawo womaliza wasankhidwa kupita ku yunivesite, ndipo akuyenera kunyamuka pakatha masabata atatu. Iye ankafuna kuti ayambe wakhala kaye chaka chino, azisamalira mayi ake. Iwo anakana. Anamuuza tonse tikumva kuti, "Kumeneko palibe amene adzakulondole, uzikadzilondola wekha. Ndipo zikakakuvuta ubwere pakhomo masana, anthu akuona. Usadzabisale ngati ine." Mphwanga, amalume ako tonse tagwirizana kuti tsiku limenelo silisintha. Upita.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, aamuna awiri ndi wamkazi mmodzi, zidzukulu ziwiri, mayi athu okalamba, ang'ono awo awiri, ndi ife alongo awo awiri.

Achemwali, munaima nthawi yaitali, ndipo munatopa. Mzimu wawo aulandire Ambuye, ndipo upumule mu mtendere.