Chithunzi cha Manja Opanda Mwana

Moni kuwailesi kumeneko ndi omvera nonse. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndikulemba kuchokera ku Lifuwu.

Malume anga ali ndi kamera yakalekale ya miyendo itatu, ija wojambula amachita kufunda nsalu yakuda. Pepala lotulutsa chithunzi pomwepo linawatsalira limodzi, ndipo anasungira mwana wanga. Ndinakondwa, poti zithunzi zake zonse zinapita ndi foni yomwe inagwera m'nyanja.

Nditakhala pampando, mwana ali pamiyendo, apongozi anga anapempha kuti nawonso asuzumire m'nsalumo. Palibe anawachenjeza kuti makamera amenewa amaonetsa munthu chadodolido.

"Asewere, mdzukulu wanga mwamuzondotsa bwanji?" anafunsa apongoziwo.

"Ndi galasi chabe, asewere, tapatukani ndijambule," anayankha malume.

Malume akudina batani, apongozi anathamanga n'kundilanda mwanayo.

Chithunzi chinatuluka cha ine ndekha, manja ali chitambasulire, opanda kanthu. Pepala lina kulibe. Apongozi akuti amenewa ndi malodza, ndipo zimandipsetsa mtima, chifukwa ine kukoleji ndinapitako. Komabe chithunzicho ndachibisa pansi pa sutikesi, ndipo mwana akangogona ndimasiya ntchito n'kukamvetsera ngati akupuma.