Mkazi Wamphamvu wa m'Sewero la a Benedict

A Benedict a ku Guilleme anatenga sewero lakunja lomwe ankalionera pa kanema wa ku Zambia, n'kulisandutsa la Chichewa, n'kulijambula pa foni kuti akapikisane nalo kuboma ku Mchinji. Lamulo la mpikisano linali loti sewero lopanda mkazi wolankhula zomveka lisabwere n'komwe, ndiye mwana wawo Dyna, wa kuyunivesite, analionetsa kaye makina anzeru aja akuti AI, omwe amaonera masewero n'kunena mmene amuna ndi akazi aonekera.

Yankho litalowa pa foni, bambowo anathamangira kuseri kwa nyumba kumene akazi awo, a Filomena, ankaswa mtedza.

"Mayi a Dyna, tamvani izi! Makina akuti sewero langa lili ndi mkazi wamphamvu kuposa wa m'sewero lakunja lija!"

"Mkazi uti?"

"Inuyo, nanga ndani? Si inu munasewera mkazi wanga?"

"Ine munandipatsa mawu awiri: 'Madzi awa.' Kenako ndigwade, ndituluke."

"Koma kanenedwe kake! Mphamvu ili pamenepo."

"Ndinali ndi chimfine."

A Benedict anakhala pa mtondo, n'kupingasa miyendo ngati munthu amene wapambana kale. Bambowa akagwira mfundo, ngakhale ng'ombe ziwiri sizingawasunthe.

"Mkazi wa m'sewero lakunja uja anali mwini kampani," anatero a Filomena, maso ali pa lichero. "Inu munamusandutsa mwamuna, kampaniyo n'kukhala chigayo."

"Kuno ndi kuno, mayi. Ndipo makina sanama. Alibe m'bale, alibe mnansi, sadya za munthu."

"Werengani tsono."

"Akuti, 'Mkaziyu ndiye amagawa ntchito pakhomo. Akalankhula, mwamuna amangoyankha kuti chabwino.' Mwamva?"

"M'sewero simunanenepo chabwino. Munkangomenya pamtima n'kumati, 'Tambala pano ndine!'"

"Makina amaona za mumtima."

"Ooh. Akuti chiyaninso?"

"Akuti, 'Chosangalatsa kwambiri n'chakuti mwamunayu akuoneka atagwada, aku... akutsuka...'" Mawu a Benedict anayamba kuchepa. "'Akutsuka mapoto.' Aaa! Makinawa asokonezeka mutu."

"Si mwati sanama?"

"Mapoto ati? Ine sindinalembe mapoto!"

"Simunalembe, munangotsuka. Tsiku lojambula lija, anzanu atapita, foni munaisiya pankhokwe ikadali maso. Kanyali kofiira kankangophethira."

"Munakaona?"

"Ndinakaona."

"Osandiuza?"

"Munalamula kuti munthu asakhudze foni ya dairekitala. Munatinso ine ndisawonjezere mawu pa awiri aja."

Apa a Benedict anachita manyazi, thukuta lili kamukamu. Paja iwo ndi mkamwini pamudzipo: nyumba, munda, ngakhale mtondo anakhalirawo, zonse n'za kuchikazi. Mapoto amatsuka ndithu, ndipo amawatsuka bwino, koma kuseri, mpanda wa udzu utawabisa. Tsopano ziti zionekere pachinsalu kuboma, pamaso pa anzawo a pabawo!

"Ndimuimbira Dyna adule gawo limenelo."

"Adule. Patsala mawu awiri ndi chimfine. Akakubwezerani pachipata."

"Nanga akalisiya? Mchinji yonse iona mawondo anga!"

"Si mawondo okha. Mukuonekanso mukuimba nyimbo ya kwaya ya amayi."

"Mayo ine!"

"Munaimba bwino koma."

A Benedict anaimirira, anazungulira nkhokwe, anabwerera. Mpikisano ankaufuna ndi mtima wonse. Chaka chathunthu akhala akulonjeza gulu lawo la zisudzo kuti chikho chibwera ku Guilleme. Koma ulemu nawo, eee!

Mwadzidzidzi nkhope inawala.

"Asadule! Ndikawauza oweruza kuti ndinalemba dala. Kugwada kuja, mapoto aja, nyimbo ija, lonselo linali sewero. Ukatswiri, mayi!"

"Linali sewero?"

"Sewero lenileni!"

"Ndiye n'lalitali. Linayamba Dyna asanabadwe."

"Katswiri amakonzekera nthawi yaitali."

A Filomena anasasa makoko pachitenje, n'kuloza ndi mlomo mapoto amene anali ataunjikana pansi pa thandala.

"Gawo lachiwiri ndi ilo, adairekitala. Muyambire lakuda kwambirilo."

A Benedict anatsekula pakamwa kuti akane. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana mapoto. Kenako anaizimitsa foni, anaikulunga m'chipewa, n'kuivundikira ndi dengu.

"Chabwino," anatero.